Chimene Chinkadya Malo mu Laputopu Yanga

Laputopuyo anandibweretsera ndi mkulu wanga wa ku Joni, ataikulunga m'bulangeti pakati pa mapoto ndi nsapato za ana. Inali yakuda, yolemera ngati mwala wa mphero, ndipo mabatani ena anali atafufutika kale ndi zala za munthu amene sindidzamudziwa. Koma inali yanga. Pa sekondale yoyendera imene ndimaphunzitsa, kufupi ndi Ulongwe m'dera la Kalembo, aphunzitsi okhala ndi laputopu tinalipo awiri okha, ndipo ya mnzangayo inkazima yokha ikangomva kutentha kwa Okutobala. Ndiye ine ndinkayenda nayo monyang'wa ngati ndabereka mapasa.

Ndinkatayipiramo mayeso a Jogalafe, kusungamo zithunzi, nyimbo za kwaya yathu ndi kanema wa ukwati wanga. Zaka ziwiri zinatha isanandilakwire.

Tsiku lina, kutatsala masabata atatu kuti mayeso ayambe, ndinamaliza kutayipa pepala la Fomu 3, n'kudina kuti ndilisunge. Inakana. Malo atha, inatero, m'Chingerezi chake chopanda ulemu chija. Ndinatsegula pamene pamaonetsa mmene hadi disiki yadzazira. Hadi disiki ndiyo nkhokwe ya kompyuta, ndipo ili ndi kamzere koonetsa pamene chimanga chafika. Kamzere kamene masiku onse kanali ka buluu kanali katafiira psuu, ngati diso la munthu wogona ku kachasu.

Ndinayamba kufufuta. Nyimbo zimene ndinali nazo kawirikawiri zinapita. Zithunzi zamdima, zimene sudziwa ngati ndi munthu kapena chitsa, zinapita. Kamzere sikanasunthe. Mphunzitsi mnzanga wa Masamu ndiye anandiuza kuti zofufutazo sizichoka, zimangokagwera mu bini, mpaka biniyo uikhuthule. Ndinaikhuthula. Kamzere kanabwerera pang'ono, n'kusanduka ka buluu, ine n'kumadziona ngati injiniya.

Patangotha masiku anayi kanafiiranso.

Mu sitafu rumu aliyense anasanduka sing'anga. Wa Masamu uja anati ndi vayirasi. Wa Bayoloje anati vayirasi ya kompyuta ili ngati njoka za m'mimba, imadya zimene iwe wadya n'kumanenepa mwakachetechete. Ahedi anati ndiifomate basi, ndiye kuti kufufuta zonse n'kuyambiranso, ndipo anazinena ndi nkhope imene amanenera za kuchotsa mwana sukulu. Wa Baibulo anadzipereka kuti aisanjike manja. Ndinamuuza kuti ayambe wasanjika manja pa njinga yake, imene inali itakhala pakhoma chiyambire teremu.

Ulendo wachiwiriwo ndinafufuta zinthu zopweteka. Zithunzi za ulendo wa ana asukulu ku Liwonde zinapita. Kenako ndinayang'ana fayilo yaikulu kuposa onse, kanema wa ukwati wanga, ndipo ndinaganiza kwa mphindi ziwiri. Theka la kanemayo linali amalume akulankhula za mbiri ya mtundu wathu kuyambira kwa Adamu. Theka linalo wojambula anali ataledzera, ndiye ankajambula kwambiri mapazi. Ndinaufufuta, n'kukhuthula bini, osauza munthu.

Sabata isanathe, kamzere kanali psuu.

Apa ndinasiya kufufuta n'kuyamba kuchita upolisi. Ndinazindikira kuti tsiku limene ndapita nayo kusukulu, malo sankachepa. Loweruka ndi Lamlungu, ine ndili pakhomo, sankachepanso. Ankachepa masiku okhawo amene ndaisiya patebulo la pabalaza ili pa chaja. Mbava inali ya m'nyumba momwe.

M'nyumbamo tinalimo atatu. Mwana wathu anali ku sukulu yogonera komweko. Ndiye panali ine, amuna anga, amene ndi a zaumoyo ndipo amakhalira kuzungulira midzi pa njinga yamoto, ndi apongozi anga, bambo awo a amuna angawo. Apongozi anabwera kuchokera kwawo ku Ngokwe kudzachotsa ng'ala m'diso. Opaleshoni inayenda bwino, koma iwo sanaonetse changu chobwerera. Anali munthu wowonda, wamtali, wa chisoti choyera, mlimi wa thonje amene akazi awo anamwalira zaka zingapo m'mbuyomo. Ine ndi iwo tinkalemekezana monga amachitira mpongozi ndi mpongozi. Moni ndinkawapatsa nditagwada cha pakhomo, iwo n'kuyankha akuyang'ana denga. Foni yawo inali ya mabatani, ndipo ikalira ankaigwira patali ngati nkhanira. Munthu woteroyo sindinamuganizire n'komwe.

Ndinagwira amuna anga.

"Inu, masana mumabwera kunyumba kuno?"

"Nthawi zina. Bwanji?"

"Mumadzatani?"

"Kudya. Kapena tsopano kudya kwanga kukufuna chilolezo cha ahedi?"

"Mukuika chiyani mu laputopu yanga? Ngati ndi mpira, nenani. Ngati ndi zinazi za anthu osavala, nenaninso, ndingodziwa kuti ndikukhala ndi ndani."

Anandiyang'ana ngati ndawathira madzi a nsomba.

"Aphunzitsi, ine ndimaona anthu osavala tsiku lililonse kuntchito, ambiri a iwo ali ndi zipere. Ndikachitenso kuwasaka mu kompyuta?"

Ananditengera foni yawo kuti ndifufuze. Munalibe kanthu koposa zithunzi za zimbudzi za m'midzi, zina zomangidwa bwino, zina zakugwa. Ndinawabwezera, koma mtima sunakhale pansi.

Loweruka ndinaikulunga laputopu m'chitenje n'kukwera minibasi ya ku Balaka. Anthu anandilozera kashopu kena kuseri kwa msika, komwe amachita fotokope ndi kukonza makompyuta. Ndinkayembekeza kupeza mwamuna wa magalasi, koma mwini wake anali mayi wonenepa wa mpango wakuda wokutira kumutu mpaka m'khosi, wamkulu pang'ono kuposa ine. Anandiuza kuti kale anali wotayipa pa ofesi ina, ndipo makompyuta anawaphunzira chifukwa chotopa ndi kudikira amuna odzawakonza amene ankabwera atanunkha mowa.

Ndinafotokoza zonse. Nditafika pa ahedi ndi kufomata, anaseka.

"Madamu, kumeneko n'kutentha nyumba chifukwa cha khoswe. Tiyambe tamuona khosweyo."

Anabaya fulashi yawo m'mbali mwa laputopu n'kutsegula kapulogalamu kena. Tinadikira. Kenako pa sikirini panadzaza timabokosi tamitundumitundu, tating'ono ndi tokulirapo, ngati minda ukamaiona uli pamwamba pa phiri. Anati kabokosi kalikonse ndi fayilo, ndipo kukula kwake ndiwo malo amene yadya. Mayeso anga onse a zaka ziwiri anali kadontho kosakwana njere ya therere. Nyimbo za kwaya zinali kadimba. Koma kumanja konse kunali chigawo chimodzi chobiriwira, mabokosi akuluakulu ondondozana, ngati esiteti pakati pa minda ya amphawi.

"Uyu ndiye khoswe wanu," anatero. "Awa ndi makanema. Kompyutayi mumalowamo anthu angati?"

"Ndekha. Pasiwedi ndimaidziwa ndine."

"Iyayi. Muli makomo awiri umu. Ili ndi lanu. Nanga ili lolembedwa kuti Alendo?"

Ndinagwira pakamwa. Laputopu itangobwera kumene, ndinatsegula akaunti yachiwiri yopanda pasiwedi, kuti ana a abale akabwera patchuthi azisewerera kumeneko osandisokonezera mayeso. Ndinali nditaiiwaliratu. Mayi aja anandifotokozera kuti zosungidwa kumeneko ine sindingazione ndikalowera khomo langa, ngakhale nkhokwe ndi imodzi. Ndinakhala ndikusesa chipinda changa mpaka kutaya ukwati wanga, pamene zinyalala zinali m'chipinda china.

Anatsegula foda ya kamera. Munali mafayilo ambirimbiri, ena a maola atatu, ena anayi. Anadina fayilo yoyamba.

Pa sikirini panatuluka mphuno. Mphuno yokha, yaikulu, mabowo onse awiri ali poyera, tsitsi la m'katimo likugwedezeka ndi mpweya. Mphunoyo inabwerera m'mbuyo, ndipo mwini wake anaoneka. Anali apongozi anga. Analibe chisoti. Analibenso malaya. Anali ndi thovu la sopo kumasaya, lumo m'manja, atakhala pa mpando wanga pabalaza panga.

Chikwatiwire, ndinali ndisanaonepo ngakhale chigongono chawo. Tsopano ndinali kuwerenga nthiti zawo pakati pa Balaka, pamodzi ndi abambo awiri amene ankadikira fotokope ndipo anali atasendera kale kumbuyo kwanga. Ndinavula chitenje cha paphewa n'kuphimba sikirini ngati ndikuphimba maliro.

"Abambo inu, mapepala anu mudzatenge mawa," anatero mayi aja, n'kutseka chitseko. Atatero anandiyang'ana. "Mukuwadziwa?"

"Ndi apongozi anga."

"Astaghfirullah," anatero. Atapempha chikhululukiro kwa Mulungu choncho, anavundukula chitenje chija. "Tione ngati enawo ali chimodzimodzi. Ndi ntchito, madamu, tiyenera kutsimikiza."

Tinatsimikiza kwa ola lathunthu.

Apongozi ankameta, n'kutembenuza nkhope uku ndi uku, kudziyang'ana mano, kukoka khungu la pansi pa diso latsopanolo. Akamaliza ankadzuka n'kuchoka, kamera ili chijambulire. Ndiye panali maola a mpando wopanda munthu. Nkhuku yanga yofiira inakwera patebulo n'kujompha kamera. Pena apongozi ankabwerera n'kugona pampandopo kukamwa kuli yasa. M'kanema wina anatulukira atanyamula chitini changa cha shuga, n'kudya masupuni atatu mouma, munthu amene achipatala anamuletsa shuga, pamene ine ndinali nditakalipira nyerere mwezi wonse.

Koma chachikulu n'chakuti ankalankhula. Munthu amene kwa ine ankatulutsa mawu anayi patsiku, pamaso pa kompyuta anali wailesi. Ankalankhula m'Chiyao, ndipo Chiyao changa chimathera pa moni ndi kugula tomato.

"Akuti chiyani?" ndinafunsa.

Mayi aja anali atatseka pakamwa ndi nsonga ya mpango, mapewa akugwedezeka.

"Akuti sanadziwe kuti akadali wokongola chonchi. Akuti ng'ala inawabisira zambiri."

"Apa nanga? Ndamva atchula mpongozi."

"Izi si zathu, madamu."

"Laputopu ndi yanga. Nenani."

"Akuti mpongozi wawo amathira mchere ngati akuopa kumangidwa. Akutinso mumayenda ngati wapolisi, mukamabwera nkhuku zimayamba zathawa." Anamvetsera pang'ono. "Koma akuti ndinu wolimba mtima. Mwana wawo pakanapanda inu bwenzi akuvala malaya mozondotsa."

Sindinadziwe ngati ndikwiye kapena ndithokoze.

M'makanema a masabata omalizira zinthu zinasintha. Akamaliza kumeta ankakhala mowongoka, kutsokomola, n'kuyamba kulankhula ndi mawu ofewa amene sindinkawadziwa. Ankalekeza, kupukusa mutu, n'kuyambiranso. Mayi aja anasiya kuseka. Anati apa sakulankhula okha, akuyeserera zokanena kwa munthu. Panali mayi wina wamasiye wogulitsa mandasi pa Ntaja, amene apongozi ankamuona akamadikira galimoto ya ku Ngokwe. Kale ankangomudziwa mawu ndi fungo la mafuta. Atachotsa ng'ala, tsiku lina popita kukazonda kumudzi, anamuona nkhope, ndipo kuyambira pamenepo tulo tinavuta. Ankamuuza kuti ali ndi munda wa thonje, mbuzi, nyumba ya malata yodontha mbali imodzi yokha, ndi diso limodzi latsopano. Linalo akonza chaka chamawa.

"Apa ndiye tasiya," anatero mayi aja, n'kutseka. "Tapitirira kale malire."

Anandikopera makanema onse mu hadi disiki ina yaing'ono yonyamula m'manja, n'kuwachotsa mu laputopu. Kamzere kanabwerera mpaka pakati, kali buluu. Ndinafunsa ngati kanema wa ukwati angabwerere. Anayesa, koma anati malo ake anali atalembedwapo kale zina. Kunena kwina, pamene panali ine ndi velo panadzakhala apongozi ndi lumo.

Mu minibasi ndinkangoganiza poyambira. Mpongozi sungamuuze kuti bambo, ndakuonani nthiti. Ndinadikira amuna anga, n'kuwakokera kuchipinda dzuwa lisanalowe, n'kubaya kahadi disiki kaja mu laputopu, n'kuwaonetsa mphuno ija.

Anagwa pabedi ndi phwete. Atapeza mpweya anavomera mlandu wawo. Galasi lokhalo lalikulu m'nyumba mwathu lili pa wadiropu kuchipinda kwathu, kumene apongozi sangaponde. Atachira diso anapempha galasi lometera. Amuna anga, m'malo mokagula, anatsegula laputopu pa khomo la Alendo, kuyatsa kamera, n'kuwauza kuti nali galasi la azungu. Anawaphunzitsa kutsegula ndi kutseka, n'kuwachenjeza kuti asakhudze china chilichonse.

"Ndiye ine mumandisiya ndizifufuta zinthu zanga, inu mukudziwa?"

"Ndinkadziwa za galasi. Galasi limadya malo?"

Ndinawauza za kanema wa ukwati. Kuseka kunachepa. Ndinawaonetsa za mayi wa mandasi. Kuseka kunatheratu. Iwo Chiyao ndi chawo, sanafune womasulira. Anamvetsera mpaka kumapeto manja ali pachibwano.

"Chimwalirire amayi, sindinawamvepo akulankhula chonchi," anatero.

M'mawa mwake anakhala ndi bambo awo pakhonde nthawi yaitali. Ine ndinali kuseri, ndikutsuka mbale imodzi kasanu. Kenako ndinaitanidwa. Ndinagwada patali, maso pansi, ndikuyembekeza kuti munthu wamkulu apempha galimoto yobwerera kwawo tsiku lomwelo chifukwa cha manyazi.

"Amayi," anatero apongozi m'Chichewa, akuyang'ana mtengo wa mango, "akuti galasi lija limasunga mawu?"

"Eya, bambo. Mukadina kabatani kofiira kaja."

"Kofiira kaja si koyatsira nyali? Ndikakadina pamayaka kanyali."

"Kanyaliko kamatanthauza kuti layamba kujambula, bambo."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono, ngati munthu amene wauzidwa mtengo watsopano wa feteleza.

"Ndiye zonse ndinanena zilimo."

"Zilimo."

"Za mchere?"

"Zilimo, bambo."

"Chabwino," anatero. "Ndinkasowa poyambira."

Amuna anga anayang'ana kumbali, akubisa phwete. Za shuga apongozi sanafunse, inenso sindinaziyambe. Ndinangosamutsa chitini.

Kenako anapempha kuti aone. Tinawaikira laputopu pa mpando, ine n'kubwerera kuseri kwa chitseko, poti sindikanatha kuonera nthiti zawo iwo ali pomwepo. Anaonera masana onse, kupumira pa nthawi ya mapemphero a swala pokha. Ndinkawamva akudzidzudzula: apa ndathamanga, apa ndatchula mbuzi msanga, apa ndikuoneka ngati wopempha. Dzuwa litapendeka anaitana mwana wawo.

"Nkhani ya Lachiwiri ija ndinalankhula bwino. Sindingathenso kubwereza choncho. Uiike mu foni mwako ukamuonetse mayi wa pa Ntaja uja."

Amuna anga anakana, anachonderera, anati zimenezi amatuma akuluakulu a kubanja, osati mwana. Apongozi anati akuluakulu a kubanja onse ndi ogontha, ndipo amene anabweretsa galasi la azungu m'nkhaniyi ndi iyeyo, ndiye alimalize. Ine ndinadula kanemayo kuti ayambire pamene thovu latha. Malaya ndiye panalibe chochita.

Loweruka lotsatira amuna anga anakwera njinga yamoto kupita ku Ntaja, munthu wa ndevu zake, wolemekezeka m'midzi khumi, atanyamula chikondi cha bambo ake m'thumba la buluku. Anabwerako madzulo ali fumbi lokhalokha. Anati mayiyo anapukuta manja, kulandira foni, n'kuonera mpaka kumapeto mandasi akupserera. Atamaliza anati abwezereni poyamba. Anaoneranso. Kenako anabweza foni n'kunena kuti, "Kawauzeni avale malaya, abwere adzanene okha."

Apongozi anapita Lachitatu, atavala jekete la mwana wawo limene manja ake ankalekeza pakati pa mkono. Tsiku lonse kusukulu ndinaphunzitsa za mitsinje ndi mapiri mtima uli ku Ntaja. Nditaweruka ndinawapeza atakhala kale pakhonde, chisoti chili m'manja. Ndinagwada, kupereka moni, n'kuchedwa dala kudzuka.

"Akuti ndipitenso Lachisanu," anauza mtengo wa mango. "Koma akuti ndevu ndizisiye zimere. Akuti wometa amaoneka ngati mwana wasukulu."

Ndowa, ukwati wa Chisilamu, inachitika thonje litagulitsidwa, kwawo kwa mayiyo kuseri kwa Ntaja. Ine ndinakhala kwa azimayi, nditafunda mpango wobwereka umene unkangotsetsereka. Titadya mpunga, apongozi anga atsopanowo anandikodola kuti ndisendere. Anali mayi wamfupi wa maso ochenjera, manja ake ali ndi zipsera za mafuta otentha. Ananditsina pantchafu ngati tinakulira limodzi.

"Ndinu a kompyuta aja?"

"Ndine, mayi."

"Kanema uja, tsiku lomwe lija ndinauza mwana wanuyo, ayi, mwamuna wanuyo, kuti andisiyire mu foni mwanga." Anasuzumira kumene kunakhala amuna, kumene mkwati anali atakhala mowongoka ndi tindevu take tatsopano toyera. "Msika wonse wa Ntaja unaonera. Ogulitsa nsomba amaloweza mawu ake. Eni akewo sakudziwa, ndipo inu musakawauze."